Mpunga Umene Ndinapititsa kwa a Gondwe

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba ndili patebulo lako lowerengera lija, iwe utapita kukaluka tsitsi. Alendo onse apita, mbale ndatsuka, dzuwa likadalipo. Ukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo anthu akachuluka pakamwa panga pamalemera. Zimene ndalephera kunena masana ano ndizinena pano, papepala, pamene palibe wondiyang'ana.

Unaona kapu ija itandigwa m'manja? Amayi abusa anati ndatopa ndi kuphika. Sikunali kutopa. Unali utaimirira kuthokoza a mpingo amene anabwera kudzakutsanzika. Kenaka unanena kuti kuwonjezera pa ntchito yomasulira kukhoti, khansala wa kumene ukupitako wakupempha kuti ulowe m'komiti yake ya wadi mongodzipereka, chifukwa umalankhula Chichewa, Chixhosa ndi Chingerezi, ndipo Amalawi ogwira ntchito m'minda ya mphesa alibe wowalankhulira. Unati uyankha Lachisanu, koma nkhope yako inali itavomera kale. Anthu anaomba m'manja. A Nabanda anaimba nthungululu. Ine m'makutu munangoti ngwii, ndinatuluka kukatsuka mbale zimene zinali zisanadyeredwe n'komwe.

Unanditsatira kumpope n'kundifunsa kuti, "Amama, bwanji inu nokha simunaombe m'manja?" Ndinati manja anali onyowa. Ndinanama, mwanangu. Ndinali ndi mantha.

Usaganize kuti sindikunyadira. Ndinakubereka ndili mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wosadziwa ngakhale kukwera sitima ndekha. Lero mwana wanga akukaima pafupi ndi woweruza. Ndikamakolopa m'nyumba za mabwana anga ku Noordhoek ndimaseka ndekha ndikakumbukira zimenezo. Ndipo mtima wako wofuna kuthandiza anthu akwathu ndi wabwino, sindikufuna kuti uutaye. Koma mawu awiri amenewa, khoti ndi komiti, ndinawamvapo ali pa munthu mmodzi, ndipo ndinaona mmene zinathera. Ndinazithetsa ndine.

Ukuwakumbukira a Gondwe? Bambo aatali aja a ku Rumphi, ovala jekete yabulauni ngakhale kukutentha, amene tikaweruka kutchalitchi ankakupatsa nyuzipepala yakale kuti uwawerengere mitu yake. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ukalakwitsa ankati, "Bwerezani, adona, khoti silinamve." Iwe unkaseka mpaka kugwa pansi. Atasowa unandifunsa, ndipo ndinakuuza kuti anapita kumudzi kukapuma. Kumudzi anapitadi, koma sanapite kukapuma. Anapita chifukwa cha ine, ndipo zaka zonsezi sindinauzepo munthu.

Nthawi imeneyo tinkakhala kulokeshoni ija ya kufupi ndi bwalo la ndege, tisanabwere kuno ku Masi. A Gondwe anali womasulira Chichewa ndi Chitumbuka kukhoti la kudera lathu. Anabwera m'dziko lino kalekale, mapepala awo onse anali a kuno. Madzulo a Lachiwiri ankapita kuholo, kukomiti ya wadi, mongodzipereka ngati mmene akukupemphera iwemu. Ndipo ankathandizadi. Mpope wa mumsewu wathu unakonzedwa chifukwa cha iwo. Zimbudzi zikasefukira, amene ankakalankhula anali iwo. Ife Amalawi tinkayenda modzitama kuti tili ndi wathu kukhoti, tilinso ndi wathu kwa khansala. Palibe amene anaona choipa. Inenso sindinachione.

M'komiti yomweyo munalinso mastandi athu, eni ake a hoki, kanyumba ka malata kamene tinkachita lendi, Mama Nokhaya. Bambo ako anali atamwalira chaka chapitacho. Tsiku lina Mama Nokhaya anandiuza kuti mwana wawo akubwera kuchokera kumudzi ndi mkazi wake, ndiye pofika Lachisanu tikhale titachoka. Ndinapempha kuti andipatse nthawi yofuna malo ena. Loweruka ndikuchokera kuntchito ndinapeza chitseko palibe. Anachichotsa ndi mahinjesi omwe. Munali mu Juni, mvula ija ya kuno yobwera chopingasa. Ndinapachika bulangeti pakhomo. Patapita masiku atatu iwe unayamba kutsokomola.

Kulakwa kwanga koyamba ndi uku. Ndinali ndi mpunga wa Kilombero umene achemwali anga ananditumizira pabasi. Ndinkausungira Khirisimasi. Ndinaumanga pachitenje n'kupita nawo kunyumba kwa a Gondwe, poti kwathu anatilera kuti kwa munthu wamkulu supita chimanjamanja. Akazi awo, a NyaMhango, anandilandira bwino, anateleka tiyi. Nditangotchula dzina la Mama Nokhaya ndi chitseko, a Gondwe anaimirira.

"Mayi a Tadala, imani kaye. Nkhani iyi ikhoza kukafika kukhoti. Ikakafika, womasulira ndine. Sindiyenera kuimva."

Ine ndinati, "Sindinabwere kwa a khoti, bambo. Ndabwera kwa a komiti."

"Ndi munthu mmodzi yemweyo, mayi. Makutu ake ndi omwewa. Ndipo mpungawo mubwerere nawo."

Misozi inali itayamba kale kutsika. A NyaMhango anatuluka kukhitchini ketulo ili m'manja. "Bambo a Wongani, mwayamba liti kuthamangitsa mlendo tiyi ali pamoto? Mwana akugona popanda chitseko, inu mukuwerenga malamulo? Mukufuna akanene kwawo kuti kwa a Gondwe amabweza mphatso? Takhalani pansi."

Anakhala pansi. Mpunga unalowa kukhitchini. Ine ndinafotokoza zonse, ndipo anamva zonse. Lachiwiri lotsatira, msonkhano wa komiti utatha, anawaitanira pambali Mama Nokhaya n'kuwapempha kuti abwezeretse chitseko. Anakana, anati hoki ndi yawo. Kuyambira pamenepo Mama Nokhaya anadziwa kuti a Gondwe aimva nkhani yanga. Kenaka a Gondwe anandilozera kuofesi ya alangizi, kumene mayi wina anandithandiza kulemba mapepala a kukhoti.

Tadala, mvetsa apa. Munthu uja anandikaniza. Anandiuza zoona maso ndi maso, ine sindinamve, chifukwa munthu wozingwa samva zotere. Nawenso anthu ozingwa adzabwera pakhomo pako. Adzabwera ndi mwana kumsana, ndi usipa m'pulasitiki, akulankhula Chichewa cha kwathu ku Ntcheu chimene chidzakufewetsa mtima. Ukakhala wa khoti yekha ungathe kuwauza kuti, "Pepani, ntchito yanga siilola," ndipo adzadandaula koma adzamvetsa. Ukakhalanso wa komiti udzawakaniza bwanji? Kumva madandaulo a anthu ndiye ntchito ya komitiyo. Adzakuyankha monga ndinayankhira ine. Ndipo iwe ndikukudziwa, ngakhale galu wa eni ake akalira panja umadzuka. Udzakhala pansi.

Kulakwa kwanga kwachiwiri ndimachita manyazi ngakhale kukulemba. Tsiku la mlandu linafika. Ndinali ndisanalowepo m'khoti chibadwire. Pakhomo anasecha chikwama changa, m'kati munali apolisi, mabenchi aatali, anthu onong'onezana. Mama Nokhaya anakhala moyang'anizana nane ndi mwana wawo uja. Kenaka ndinaona jekete yabulauni ikubwera m'khonde, mtima wanga unakhala pansi. Ndinaimirira, ndinapinda mawondo, ndipo ine amene ndimalephera kupempha mchere pagulu, tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Mwadzuka bwanji a Gondwe? Amayi adzuka bwanji? Mpunga uja unali bwino? Ndinaiwala kuwauza kuti ausankhe, umakhala ndi timiyala."

Nkhope yawo sindidzaiiwala. Inachita ngati munthu amene waponda msomali koma sakufuna kukuwa. Anangoti, "Tadzuka," n'kupitirira. Ine ndinadabwa kuti ndawalakwira chiyani, poti ndinangopereka moni monga tinaleredwera. Ndinaiwala kuti Mama Nokhaya anakhala ndi Amalawi pabwalo pawo zaka zambiri, ndipo Chichewa cha kukhitchini ankachimva bwinobwino. Anaweramira kwa ine n'kundifunsa m'Chichewa chawo chopotoka, "Mpunga? Mpunga wanji, sisi?"

Pamenepo ndinazindikira zimene ndinachita. Koma zinali zitatuluka kale.

M'katimo, a Gondwe ankayenera kuuza woweruza kuti anthu awiriwa ndikuwadziwa, wina timakhala naye m'komiti, wina anabwera kunyumba kwanga, ndiye pafunike womasulira wina. Sananene. A NyaMhango anadzandiuza pambuyo pake chifukwa chake. Womasulira wina wa Chichewa panalibe pafupi, mlandu ukanaimitsidwa mpaka atapezeka, ndipo palibe ankadziwa kuti ndi liti. Iwo anali atakumva iwe ukutsokomola kutchalitchi. Anakhala chete chifukwa cha chifuwa chako.

Ndipo anamasulira moona, Tadala. Sanandikondere. Woweruza anandifunsa ngati Mama Nokhaya anandiuzapo kale za kubwera kwa mwana wawo. Ndinayankha motsitsa mawu kuti inde, anatchulapo kamodzi pa Khirisimasi, koma sananene tsiku. Ndinawayang'ana a Gondwe ndi maso opempha kuti apa padumpheni. Sanapadumphe. Ndinamva liwu lakuti Khirisimasi likutuluka m'kamwa mwawo, ndipo ndinawakwiyira mumtima. Ngakhale zinali choncho, woweruza analamula kuti chitseko chibwerere tsiku lomwelo ndipo ndipatsidwe nthawi yofuna malo. Madzulo ake tinatseka chitseko chathu, iwe unkangochitsegula ndi kuchitseka ngati choseweretsa.

Chimwemwe chimenecho chinakhala sabata imodzi. Lachiwiri kuholo, anthu atadzaza, Mama Nokhaya anaimirira n'kunena kuti masiku ano khoti likugulidwa ndi mpunga, ndipo wogulitsa wake ndi uyu wakhala apayu. Analembanso kalata kwa akuluakulu a kukhoti. A Gondwe anawaimitsa ntchito kuti afufuze. Chimene chinandidzidzimutsa, mwanangu, n'chakuti palibe mbali imene inawaikira kumbuyo. A komiti ankati munthuyu amatenga zimene timakambirana muno n'kukazigwiritsa ntchito kukhoti. Eni mahoki ankati amakondera akwawo. Ndipo Amalawi omwe aja ankadzitama nawo anayamba kukumbukira milandu yawo yakale imene inawavuta. Ndinamva ndi makutu anga bambo wina pa tekisi akuti, "N'chifukwa chake mlandu wanga unapita choncho. Si amakhala tebulo limodzi ndi mamastandi? Uku adye mpunga, uku adye nyama." Munthu amene anagwira ntchito zaka zonsezo osatenga ngakhale switi ya munthu. Mawu onse amene anamasulirapo moona anadetsedwa ndi mpunga wanga wa timiyala.

Kulakwa kwanga kwachitatu ndiye kumene kumandiwawa mpaka lero. A NyaMhango anabwera kwathu, maso atatupa. Sanakhale n'komwe pansi.

"Mayi a Tadala, akuluakulu a kukhoti akufuna mukalankhule Lachitatu m'mawa. Musakawonjezere kanthu. Mukangonena zoona, kuti anakukanizani, kuti anati mubwerere nawo, kuti wolandira ndinali ine."

Ndinati, "Ndibwera, mayi."

Ndinapitadi. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, ndinakwera tekisi, ndinafika. Koma nditaona geti la kukhoti, ndi galimoto ya apolisi itaima pambali, miyendo inakana. Ndinaganiza za chipinda chodzaza anthu ophunzira, onse akundiyang'ana, akundifunsa chifukwa chimene ndinaperekera mpunga. Ndinaganiza kuti mwina andimanga, nanga iwe utsala ndi yani. Ndinaima kutsidya kwa msewu pafupi ndi mayi wogulitsa zipatso. Ndinagula malalanje kuti ndioneke ngati ndili ndi chifukwa choimira pamenepo. Ndinaima mpaka masana. Kawiri konse ndinawaona a NyaMhango akutuluka pageti, akuyang'ana uku ndi uku, ine ndinabisala kumbuyo kwa ambulera ya mayi uja. Kenaka ndinabwerera kunyumba. Malalanje aja unadya ndiwe, unati ndi otsekemera.

Sindikudziwa ngati mawu anga akanawapulumutsa. Mwina ayi, chifukwa kusauza woweruza kuja kunali kulakwa ndithu, ngakhale anachita chifukwa cha chifundo. Koma akanachoka dzina lawo lili loyera pa nkhani ya mpunga. Ntchito inawathera. Kukomiti anasiya okha. Ine sindinadikire kuti ndimve ngati mlandu wa chitseko auyambiranso, ndinalongedza katundu n'kuthawira kuno ku Masi ngati wakuba.

Ndinawaonanso kamodzi kokha. Ndinabwerera kutchalitchi chathu chakale kukatenga kalata yosamukira, osadziwa kuti linali Lamulungu lawo lomaliza asanabwerere kumudzi. Ndinafuna kuzemba, koma anandipeza pakhomo. Ndinagwada.

"Dzukani, mayi a Tadala," anatero. "Musadzitenge ngati wolakwa ndinu nokha. Ine ndinkaganiza kuti poti sindikuba, anthu aona okha kuti sindikuba. Ndinaiwala kuti anthu sangalowe mumtima mwanga. Amangoona kumene ndinakhala Lachiwiri ndi kumene ndaima Lachitatu. Chifuwa cha mwana chinatha?"

Ndinagwedeza mutu kuti chinatha. Anati, "Basi, chabwino. Aziwerenga." Sindinathe ngakhale kunena kuti pepani.

Ndipo amene anavutika si iwo okha. Atachoka, khoti lija linakhala nthawi yaitali lopanda womasulira Chichewa wokhazikika. Mchimwene wawo wa a Nabanda anagwidwa pa nkhani ya foni imene anagula osadziwa kuti ndi yobedwa. Ankapita naye kukhoti n'kubwerera naye kundende, kupita n'kubwerera, chifukwa panalibe womulankhulira. Potuluka anapeza ntchito yake ya m'munda wa maluwa atapatsa wina. A Nabanda omwewo amene aimba nthungululu masana ano. Sadziwa kuti zinayambira pa ine. Ndiye ukundifunsa chifukwa chimene sindinaombere m'manja?

Ndikudziwa zimene unene. Unena kuti, "Amama, zimenezo ndi zakale, ine ndinaphunzira, ndikudziwa malire." A Gondwe nawonso ankawadziwa malire, anandiuza okha ndili pampando wawo. Taganiza bwino za kumene ukupitako. Ndi tauni yaing'ono, khoti ndi limodzi, ndipo unandiuza wekha kuti womasulira Chichewa ukhala wekha. Nanga komiti ya wadi imakambirana chiyani? Mahoki omangidwa pamalo osaloledwa, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, mashabini, anthu othamangitsidwa m'nyumba za kumafamu. Si nkhani zomwezo zimene zimakathera kukhoti? Lachiwiri udzakweza dzanja kuholo kuti matebulo a m'mbali mwa msewu achotsedwe, kapena kuti asachotsedwe. Lachitatu mwini tebulo adzaima pamaso pa woweruza, ndipo pakamwa pake padzakhala iwe. Akaluza adzati unamugulitsa. Akawina ena adzati anakugula. Iwe udzakhala utamasulira liwu ndi liwu moona, koma palibe adzakhulupirire, chifukwa m'chipinda monsemo womva zinenero ziwirizo ndiwe wekha. Palibe wina wokuchitira umboni. Chimene uli nacho n'chakuti anthu akukhulupirire, basi. Chikachoka chimenecho watsala ndi chiyani?

China ndi ichi. Utabwerako kofuna chipinda mwezi watha unandiuza ukuseka kuti khansalayo anakutchula pamaso pa anthu kuti "sisi wathu wa kukhoti." Ndinaseka nawe. Masana ano ndiye ndazindikira. Ntchito sunayambe n'komwe, koma dzina la khoti walimata kale pa iwe. Sindikuti ndi munthu woipa, sindimudziwa. Koma dzifunse ngati akufuna Tadala kapena akufuna kuti anthu aziona kuti wa kukhoti amakhala pambali pake. Khansala ali ndi chipani. Komiti ikhoza kunena kuti ilibe chipani, koma anthu adzaona galimoto imene wakwera popita kumsonkhano. Ndipo tsiku limene khonsolo idzatengere munthu kukhoti, munthuyo adzakuona ngati wa khonsolo.

Malamulo a ntchito yako sindiwadziwa, ndipo sindinamizira kuwadziwa. Koma akuluakulu ako akuwadziwa. Lolemba ukangofika, usanayankhe aliyense, ukawauze zonse: kuti wapemphedwa, komiti yake ndi yotani, imakambirana zotani. Ukawafunse ngati n'zololedwa, ndipo yankho akupatse cholemba, ulisunge. Usachite manyazi kufunsa. Manyazi ndi amene anandiimika ine kumbuyo kwa ambulera. Akakana, nkhani yatha, ukamuuze khansala mwaulemu kuti ntchito siikulola. Akalola, usathamange. Kuloledwa sikutseka pakamwa pa anthu a pa tekisi. Ukandifunsa ine mayi ako, ndikuti ukane. Ndalemba poyera kuti usadzati sindinamve bwino: ukane.

Ndipo kaya walowa kaya sunalowe, ukadzaona m'khoti nkhope imene ukuidziwa, ya kutchalitchi, ya kumene ukukhala, kapena ya munthu amene anakuuzapo nkhani yake, uuze woweruza usanatsegule pakamwa kumasulira. Ngakhale mlandu uimitsidwe. Ngakhale munthuyo akuyang'ane ndi maso opempha. Ngakhale mwana wake akutsokomola. Ndikulemba izi ine amene mwana wake ankatsokomola. A Gondwe akananena tsiku lija, ndikanawada kwa mwezi umodzi, ndikanakutenga n'kukagona kwa a mpingo, ndipo iwo akanakhala alipobe kuti amasulire mchimwene wa a Nabanda ndi ena onse amene anabwera pambuyo panga.

Munthu akabwera pakhomo pako n'kuyamba kuti, "Sisi, ndili ndi kankhani," umufunse akadali chiimire ngati kankhaniko kangakafike kukhoti. Usadikire kuti tiyi apse. Umulozere kwa alangizi, umulembere papepala kumene kuli, ngakhale kumuperekeza mpaka pakhomo pawo, koma nkhaniyo usaimve. Adzati mwana wa Esinati ndi wonyada. Anene. Kuthandiza anthu akwathu njira zake zilipo zina zimene sizidutsa pakhomo la khoti. Ana a kumafamu aja amene makolo awo sadziwa kuwerenga, uziwasonkhanitsa Loweruka ndi nyuzipepala yakale. Ukudziwa wekha kumene zimenezo zinakufikitsa.

Tadala, apa ndinaima kaye kulemba. Ndinadzuka kuti ndikatenge envulopu m'sutikesi yako, ndipo chimene ndaona chandiumitsa thupi kuposa zonse za masana. Pakona, pansi pa nsapato zako zakuda, pali phukusi limene ndinaika ndekha Lachinayi. Mpunga wa Kilombero. Ndinaugula kwa amayi aja obweretsa katundu wa kumudzi, ndinausankha timiyala tonse, ndinaumanga m'kansalu katsopano. Ndimati mawa pokwera tekisi ndikuuze kuti ukapatse akuluakulu ako a kukhoti, kuti mwana wanga asakafike kwa akuluakulu chimanjamanja.

Ndakhala pansi pomwepo, pasimenti, phukusi lili pamiyendo. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti chimene chinalakwika ndi pakamwa panga m'khonde muja. Mpungawo sindinkauona ngati cholakwa, ndinkauona ngati ulemu. Ine amene ndinaona zonse ndi maso anga, amene ndadzaza mapepala onsewa kukuchenjeza, ndinatsala pang'ono kukutumiza kukhoti tsiku lako loyamba ndi mpunga m'manja. Ndiye ngati mayi ako enieni angachite zimenezi, nanga anthu a kumafamu amene sakudziwa kanthu? Sadzabwera kudzakugula, mwanangu. Adzabwera ndi mtima woyera, ngati ine. Amenewo ndiye uwaope.

Mpunga ndautulutsa. Ndautsuka, uli pamoto, tidya tonse ukabwera ndi tsitsi lako latsopano. Pamene panali phukusipo ndiikapo kalatayi.

Ndili ndi pempho limodzi. A mkulu wa mpingo ali ndi nambala ya a NyaMhango, anandipatsa chaka chatha, ndipo ndakhala ndikuiyang'ana osaimba. Akuti a Gondwe alipo, maso okha ndiwo akuvuta. Mawa tekisi yako ikangonyamuka ndiwaimbira, ndisanalowe m'nyumba, miyendo isanakane. Ndikawauza kuti tsiku lija ndinafika, ndinaima kutsidya kwa msewu. Ndikawauzanso kuti adona aja a nyuzipepala akukayamba ntchito yawo. Ukadzazolowera kumeneko, udzandithandize kulemba m'Chingerezi zimene ndinkayenera kukanena Lachitatu lija, ndidzasaine ndekha, tizitumize kukhoti lija. Mwina palibenso woziwerenga. Zipite basi.

Khansala usamuyankhe usanalankhule ndi akuluakulu ako. Ukatero undiimbire Lachinayi, lisanafike Lachisanu. Ndikakhala chete pafoni usadule, ukudziwa kuti mawu anga amachedwa.

Jekete yako yotentha ili pamwamba penipeni, kumapiri kumene ukupitako akuti m'mawa kumazizira.

Ndine mayi ako,
Esinati